Kukonza Zithunzi za pa Webusaiti Kuti Zizioneka Bwino pa Masamba a Mchezo

Munthu akakopera linki ya tsamba lanu n'kuitumiza m'gulu la WhatsApp, akaiika pa Facebook, kapena akasunga chithunzi chanu pa Pinterest, ambiri mwa amene adzaone zimene watumizazo sadzaona webusaiti yanu yonse. Adzaona chithunzi chimodzi, mutu waufupi, mwinanso chiganizo chimodzi pansi pake, ndipo pa zochepa zomwezi ndi pamene adzasankhe kudina kapena kupitirira. Chithunzi chimenechi chimayenda chokha inu kulibe, n'kukafika pa mafoni a anthu amene sanamvepo dzina lanu. N'chifukwa chake si bwino kusiyira makina a Facebook kapena a Pinterest kuti azikusankhirani chithunzi ndi kuchidula mmene afunira. Kusankha chithunzi, kuchidula ndi kuchipepuza ndi ntchito ya mwini tsamba, ndipo munthu akaizolowera sitenga nthawi yaitali.

M'malangizo ano tigwiritsa ntchito chitsanzo cha telala amene ali ndi webusaiti yoonetsa madiresi ndi malaya a chitenje amene amasoka. Njira zake n'zofanana kwa mwini malo ogona alendo, wolemba za kaphikidwe ka zakudya, sukulu kapena bungwe lililonse.

Choyamba: khalani ndi chithunzi choyambirira chachikulu, ndipo muchisunge osachisintha

Zonse zimene zikubwerazi zimadalira chithunzi chimene mwayamba nacho. Chithunzi chachikulu mukhoza kuchichepetsa chikhalabe chooneka bwino, koma chaching'ono mukachikulitsa chimachita mbuu, chifukwa pulogalamu imangopeka timadontho timene kamera sinajambule. Timadontho timeneti ndi mapikiselo, ndipo ndi amene timayezera kukula kwa chithunzi pa sikirini. Jambulani ndi kamera yakumbuyo ya foni, mutapukuta kagalasi kake, pamalo owala monga pakhonde kapena pafupi ndi zenera, m'mawa kapena chakumadzulo, osati masana dzuwa likuswa mtengo pamene mithunzi imakhala yakuda bii. Musakoke chithunzi ndi zala kuti chiyandikire. Sunthani inuyo mufike pafupi.

Pojambula, siyani mpata kumanzere, kumanja, pamwamba ndi pansi pa chinthu chimene mukuonetsa. Mpata umenewu ungaoneke ngati wongotayika, koma ndi umene udzakulolani kudula chithunzi m'maonekedwe atatu kapena anayi popanda kudula mutu wa wovala diresi kapena mpendero wake. Ngati n'kotheka jambulani kawiri, kamodzi foni itaimirira, kachiwiri itagona chopingasa.

Pali vuto limodzi limene limagwera anthu ambiri osadziwa. Wojambula akakutumizirani zithunzi pa WhatsApp monga mwa nthawi zonse, WhatsApp imazichepetsa ndi kuzifinya, kotero chimene mwalandira sichikhalanso chimene anajambula. Mupempheni azitumize ngati Document, kapena pa imelo, kapena mukopere kuchoka pa kamera ndi chingwe. Mukazilandira, ziikeni m'foda yawoyawo, ndipo nthawi iliyonse imene mukufuna kudula kapena kulembapo mawu, muzigwira ntchito pa kope, osati pa choyambiriracho.

Muonetsetsenso kuti chithunzicho muli ndi ufulu wochigwiritsa ntchito. Kupezeka kwa chithunzi pa Google sikutanthauza kuti chilibe mwini, ndipo ku Malawi lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza ntchito za ojambula zithunzi monga mmene limatetezera za oimba ndi alembi. Masamba monga Unsplash ndi Pexels amapereka zithunzi zaulere, komabe kwa wamalonda chithunzi cha katundu wake weniweni chimaposa chokongola chilichonse chobwereka. Ngati pachithunzipo pali kasitomala, mupempheni chilolezo momveka bwino ndipo mumuuze kuti chithunzi chikangogawidwa n'kovuta kuchibweza; ngati ndi mwana, chilolezo chichokere kwa makolo.

Chachiwiri: dulani chithunzi molingana ndi kumene chikupita

Apa ndi pamene pagona nkhani. Palibe muyeso umodzi umene umakwanira paliponse, ndipo wofuna kuti chithunzi chimodzi chigwire ntchito zonse amapeza kuti kwina chadulidwa m'khosi, kwina chachepa ngati sitampa. Monga mmene telala amadulira malaya ndi siketi pa nsalu imodzi, chilichonse ndi muyeso wake, inunso dulani zithunzi zingapo kuchokera pa choyambirira chija. M'miyeso yonse imene ili m'munsimu, nambala yoyamba ndi mapikiselo oyeza kuchoka kumanzere kufika kumanja, ndipo yachiwiri ndi oyeza kuchoka pamwamba kufika pansi.

Chofunika kwambiri ndi chithunzi chimene chimaoneka linki ikatumizidwa. Facebook imalangiza 1200 x 630, chimene ndi chithunzi chogona cha mgwirizano wa 1.91:1, kutanthauza kuti nambala yoyamba ndi pafupifupi kawiri ya yachiwiri. Chikachepera 600 x 315 chimaoneka ngati kachithunzi kakang'ono pambali pa mawu m'malo modzaza sikirini, ndipo chochepera 200 x 200 sichilandiridwa n'komwe. LinkedIn imafuna 1200 x 627, kusiyana kwake ndi mapikiselo atatu okha, ndipo X (imene kale inali Twitter) imalandira chithunzi chomwecho ngakhale ikhoza kudulako pang'ono m'mphepete. Choncho chithunzi chimodzi cha 1200 x 630 chimatumikira masamba onsewa pamodzi ndi WhatsApp ndi Telegram. Koma dziwani kuti nthawi zina WhatsApp imaonetsa kabokosi kofanana mbali zonse kodulidwa pakati pa chithunzicho. Chifukwa cha ichi, nkhope, katundu ndi mawu onse ofunika aziikidwa pakati, m'dera la mapikiselo 630 x 630, ndipo mbali ziwiri zotsalazo zikhale za zinthu zimene zitadulidwa palibe angadandaule.

Pinterest ndi yosiyana kotheratu, chifukwa zithunzi zake zimandandalikidwa m'mizere yotsika, kotero chithunzi chogona chimaoneka chaching'ono kwambiri pakati pa zinzake zazitali. Muyeso umene Pinterest imalangiza ndi 1000 x 1500, mgwirizano wa 2:3. Ena amaganiza kuti akachitalikitsa kupitirira apo chidzatenga malo ambiri, koma chithunzi chotalika mopitirira chikhoza kudulidwa pansi pamene anthu akuyendayenda pa tsambalo, ndipo pansi ndi pamene ambiri amalemba dzina la webusaiti yawo. Kwa telala, muyeso umenewu ndi wabwino zedi, chifukwa munthu woimirira atavala diresi amakwanamo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Pa Instagram, chithunzi choimirira cha 1080 x 1350, mgwirizano wa 4:5, chimadzaza sikirini ya foni kuposa chofanana mbali zonse cha 1080 x 1080, ndipo ndi chimene ndingasankhe pokhapokha patakhala chifukwa china. Mu 2025 Instagram inasintha tizithunzi timene timaoneka pa tsamba la mwini akaunti, kuchoka pa tofanana mbali zonse kukhala toimirira, zimene zinachititsa kuti zithunzi zakale zokhala ndi mawu m'mphepete zioneke zodukaduka. Ichi ndi chifukwa chinanso choikira zofunika pakati. Kumbukiraninso kuti linki yolembedwa m'mawu a pansi pa chithunzi cha Instagram sidinika, kotero munthu amafika pa webusaiti yanu kudzera pa linki ya pa mbiri ya akaunti, kapena pa kachizindikiro ka linki kamene mumaika pa Stories.

Stories, Reels ndi Status ya WhatsApp zimafuna 1080 x 1920, mgwirizano wa 9:16. Siyani mapikiselo pafupifupi 250 pamwamba ndi ena otero kapena oposerapo pansi opanda mawu, chifukwa pamenepo pamakhala dzina la akaunti ndi malo oyankhira.

Kudula kungachitike ndi pulogalamu iliyonse imene imakulolani kulemba manambala a muyeso. GIMP ndi yaulere pa kompyuta, ndipo Photopea ndi Canva zimagwira ntchito pa intaneti. Mukaona malo olembedwa DPI musavutike nawo, chifukwa nambala imeneyo ndi ya osindikiza pa pepala. Pa sikirini chowerengedwa ndi mapikiselo basi.

Chachitatu: lembani mawu ochepa, ndipo dzina lanu likhalepo

Popeza chithunzi chimayenda chokha, ndi bwino kuti chinyamule dzina la mwini wake. Ikani dzina la webusaiti kapena chizindikiro cha bizinesi pamalo amodzimodzi pa zithunzi zonse, chooneka koma chosaphimba katundu. Chizindikiro chachikulu chodutsa pakati pa diresi chimaletsadi akuba zithunzi, koma chimaletsanso anthu abwino kuchigawa, ndipo kutaya anthu ogawa n'kopweteka kuposa kuberedwa chithunzi chimodzi. Chizindikiro choikidwa pakona penipeni nachonso chimadulidwa mosavuta, choncho chilowetseni m'kati pang'ono.

Mawu olembedwa pa chithunzi asapitirire asanu kapena asanu ndi limodzi, a zilembo zazikulu ndi zonenepa. Pa nsalu ya maluwamaluwa ngati chitenje mawu amasowa, kotero ikani kachigamba ka mtundu umodzi kumbuyo kwake, mawu oyera pa chigamba chakuda kapena akuda pa choyera. Mawu ofiira pa mtundu wobiriwira kapena wabuluu amaoneka osokonekera chithunzi chikafinyidwa. Njira yosavuta yoyesera ndi kuchepetsa chithunzicho pa sikirini mpaka chifanane ndi bokosi la machesi. Ngati mawu sakuwerengeka, achepetseni chiwerengero ndi kuwakulitsa.

Mitengo ndi masiku musalembe pa chithunzi chimene mukufuna kuti chikhalitse. Mtengo wa nsalu ukakwera mudzasintha pa webusaiti, koma chithunzi chimene anthu anasunga kale pa Pinterest chidzapitiriza kulengeza mtengo wakale, ndipo kasitomala adzabwera nacho m'manja. Mtengo ulembedwe pa tsamba, pamene mungathe kuusintha.

Chachinayi: sankhani mtundu wa fayilo ndi kuipepuza

Chithunzi chochokera pa foni ya masiku ano chimalemera ma MB atatu, anayi kapena kuposa. Tsamba lokhala ndi zithunzi khumi za 4 MB limadya 40 MB ya bandulo ya munthu amene walitsegula, pamene zithunzi zomwezo zitapepuzidwa kufika pa 150 KB chilichonse zimadya pafupifupi 1.5 MB. Kwa owerenga athu amene amagula bandulo ya tsiku kapena ya sabata, ndiponso amene ali kumene netiweki imabwera mwa apo ndi apo, kusiyana kumeneku ndi kwa ndalama zenizeni. Munthu amene wadina linki chifukwa chokopeka ndi chithunzi, n'kupeza tsamba silikutseguka, amabwerera ndipo sabweranso, kotero ntchito yonse yokongoletsa chithunzi imapita pachabe.

JPEG ndi yoyenera zithunzi zojambulidwa ndi kamera. Imapepuka potaya zina mwa zimene maso saona msanga, ndipo zimene yatayazo sizibwereranso, choncho fayilo ya JPEG ikamatsegulidwa, kusinthidwa ndi kusungidwanso kangapo imanka nionongeka. N'chifukwa chake muyenera kuyambira pa choyambirira nthawi zonse. PNG sitaya kanthu ndipo imalola kuti kumbuyo kwa chithunzi kukhale koonekera, kotero ndi yabwino pa zizindikiro ndi zojambula za mawu okhaokha, koma chithunzi cha kamera chikasungidwa ngati PNG chimalemera kwambiri. WebP, imene Google inatulutsa mu 2010, imapepuka kuposa JPEG pa maonekedwe ofanana, ndipo ndi yabwino pa zithunzi za m'kati mwa tsamba. Komabe pa chithunzi chimene chimatsagana ndi linki, khalani pa JPEG kapena PNG, chifukwa izi ndi zimene mapulogalamu onse amaziwerenga mosakayikitsa. SVG, mtundu wina wa fayilo umene umagwiritsidwa ntchito pa zizindikiro, sigwira ntchito pamenepa. Amene amajambula ndi iPhone adziwe kuti foniyo imasunga zithunzi ngati HEIC, mtundu umene mawebusaiti ambiri saulandira. Lowani mu Settings, kenako Camera, kenako Formats, musankhe Most Compatible, kapena muzisintha zithunzizo kukhala JPEG musanaziike.

Popepuza, tsatani ndondomeko iyi. Yambani mwachepetsa mapikiselo kufika pa muyeso umene mukufuna, chifukwa apa ndi pamene kulemera kwambiri kumachoka. Kenako tsegulani chithunzicho mu Squoosh, pulogalamu yaulere imene imagwira ntchito m'kati mwa browser ndipo imaonetsa chithunzi chakale ndi chatsopano pambali ndi pambali. Ikani nambala ya ubwino wa chithunzi pakati pa 75 ndi 85, muyang'anitsitse nkhope, m'mphepete mwa zilembo ndi malo a mtundu wofiira, chifukwa m'menemo ndi mmene kuonongeka kumayambira. Mukaona timabokosi kapena utsiutsi kuzungulira zilembo, kwezani nambalayo pang'ono. Nsalu ya timizere ndi timadontho tambiri imavuta kupepuza kuposa khoma loyera, choncho musadabwe chithunzi cha chitenje chikalemera kuposa chinzake cha muyeso womwewo. Kumbuyo kopanda zinthu zambiri kumathandiza kuchepetsa kulemerako. TinyPNG imachita ntchito yomweyi pa zithunzi zingapo nthawi imodzi.

Pa chithunzi cha linki, Facebook imalola mpaka 8 MB, koma malangizo a WhatsApp amati chisapitirire 600 KB, ndipo chikalemera kwambiri linki imapita yopanda chithunzi. Ine ndimalangiza kukhala pansi pa 300 KB, zimene n'zotheka ndithu pa 1200 x 630 popanda kuononga maonekedwe. Pa zithunzi zimene mukuika nokha pa Instagram kapena pa Pinterest musafinye kwambiri, popeza masambawo adzazifinyanso okha, ndipo chofinyidwa kawiri chimatuluka chotuwa.

Pali zinthu ziwiri zobisika m'fayilo zoyenera kuziona musanaike. Choyamba ndi kasakanizidwe ka mitundu. Sungani chithunzi mu sRGB, chifukwa ndi imene masikirini ambiri amayembekezera. Chithunzi chimene wokonza zikwangwani anakonzera makina osindikizira chimakhala mu CMYK, ndipo cha wojambula waluso chikhoza kukhala mu Adobe RGB. Zoterezi zikafika pa intaneti mitundu imafwifwa kapena kusintha, ndipo kwa wogulitsa nsalu palibe choipa kuposa kasitomala kulandira mtundu wosiyana ndi umene anaona. Chachiwiri ndi EXIF, mbiri imene kamera imalemba m'fayilo, yonena tsiku, mtundu wa foni, ndipo nthawi zina malo enieni amene chithunzi chinajambulidwira. Ngati mumasokera kunyumba, fayilo yoikidwa pa webusaiti osaikonza ikhoza kuuza aliyense woitsitsa pamene pali nyumba yanu. Squoosh imachotsa mbiri imeneyi posunga fayilo yatsopano, komanso mukhoza kuletsa kamera ya foni kulemba malo.

Chachisanu: patsani fayilo dzina lomveka ndi mawu ofotokoza

Dzina ngati IMG_4471.jpg siliuza munthu kapena makina ofufuzira chilichonse. Lisintheni likhale ngati diresi-la-chitenje-lobiriwira-1200x630.jpg, la zilembo zazing'ono, lopanda mipata kapena zizindikiro zachilendo. Kulemba muyeso kumapeto kwa dzina kudzakuthandizani inu nomwe kusiyanitsa mafayilo foda ikadzadza.

Mukaika chithunzi pa tsamba, dzazani malo olembedwa alt text ndi chiganizo chimodzi chonena zimene zili pachithunzipo, mwachitsanzo "Mayi wavala diresi la chitenje lobiriwira la manja aatali ndi duku lofanana nalo." Mawu amenewa ndi amene mapulogalamu owerengera anthu osaona, monga TalkBack pa Android ndi VoiceOver pa iPhone, amawerenga mokweza, ndipo ndi amene amaoneka chithunzi chikalephera kutseguka chifukwa cha netiweki. Musadzazemo mndandanda wa mawu okopera Google. Lembani monga mukufotokozera munthu pa foni.

Chachisanu ndi chimodzi: uzani masamba a mchezo chithunzi chimene atenge

Linki ikatumizidwa, kapulogalamu ka tsamba la mchezo kamapita pa webusaiti yanu n'kuwerenga kumutu kwa HTML, chiyankhulo cha makompyuta chimene tsamba limalembedwa nacho, kufunafuna mizere ina yapadera. Mizere imeneyi ndi ya Open Graph, njira imene Facebook inakhazikitsa mu 2010, ndipo tsopano WhatsApp, LinkedIn, Telegram, Pinterest ndi ena amaiwerenganso. Ikasowa, kapulogalamuko kamangotola chithunzi chilichonse chimene kapeza, mwina chizindikiro cha bizinesi chokokedwa, mwina chithunzi cha malonda a munthu wina, mwina osatenga kanthu. Mizere yofunika imaoneka chonchi, ndipo imaikidwa m'gawo la head la tsamba lililonse:

```
<meta property="og:title" content="Diresi la chitenje lobiriwira la manja aatali">
<meta property="og:description" content="Timasoka pa muyeso wanu, nsalu mumasankha nokha.">
<meta property="og:type" content="website">
<meta property="og:url" content="https://example.com/madiresi/lobiriwira">
<meta property="og:image" content="https://example.com/zithunzi/diresi-la-chitenje-lobiriwira-1200x630.jpg">
<meta property="og:image:width" content="1200">
<meta property="og:image:height" content="630">
<meta name="twitter:card" content="summary_large_image">
```

Adiresi ya chithunzi ikhale yathunthu, yoyamba ndi https, osati yongoyambira pa dzina la foda. Mizere iwiri yonena muyeso ena amaisiya poganiza kuti ndi yosafunika, koma ndi imene imathandiza Facebook kuonetsa chithunzi pa ulendo woyamba weniweni umene linki yatumizidwa. Popanda iyo, munthu woyamba kugawa akhoza kuona bokosi lopanda kanthu, ndipo kawirikawiri munthu woyambayo ndi inu nomwe pa tsiku lolengeza katundu watsopano. Mzere womalizawo umauza X kuti ionetse chithunzi chachikulu m'malo mwa kakang'ono, ndipo mutu ndi chithunzi imatenga pa mizere ya Open Graph ija. Ngati webusaiti yanu inakonzedwa ndi katswiri, muuzeni kuti mizereyi ikhale m'HTML imene seva imatumiza, osati yowonjezedwa pambuyo ndi JavaScript, chifukwa timapulogalamu tija kawirikawiri sitidikira JavaScript.

Amene amagwiritsa ntchito WordPress, pulogalamu yokonzera mawebusaiti, safunika kulemba mizereyi pamanja. Pulogalamu yowonjezera pa WordPress yotchedwa Yoast SEO, kapena inzake Rank Math, imailemba yokha, ndipo pa tsamba lililonse imapereka malo oikapo chithunzi, mutu ndi mawu ogawira. Mukapanda kuikapo kanthu imatenga chithunzi chachikulu cha nkhaniyo. Sankhani imodzi mwa ziwirizi, chifukwa zikakhala zonse mizere imalembedwa kawiri ndipo simungadziwe umene udzawerengedwe. Ikaninso chithunzi chimodzi chapadera choimira webusaiti yonse, choti chizigwira ntchito pa masamba opanda chithunzi chawochawo, koma musalole kuti chomwecho chizituluka pa linki iliyonse. Gulu la WhatsApp likaona chithunzi chimodzimodzi kasanu limaganiza kuti ndi uthenga wakale umene wabwerezedwa.

Chachisanu ndi chiwiri: konzerani Pinterest mwapadera

Pinterest imagwira ntchito ngati malo ofufuzira, osati ongoonerapo za lero, kotero chithunzi chosungidwa chaka chino chikhoza kumabweretsabe anthu chaka chamawa. Tsegulani akaunti ya bizinesi, imene ndi yaulere, ndipo mutsimikizire kuti webusaitiyo ndi yanu poika kamzere kamene Pinterest ikupatseni kumutu kwa tsamba loyamba. Mukatero dzina lanu limaoneka pa zithunzi zochokera pa webusaitiyo ngakhale zitasungidwa ndi anthu ena, ndipo mumatha kuona kuti ndi ziti zimene zikuyenda.

Tsamba lililonse likhale ndi chithunzi choimirira cha 1000 x 1500 chimodzi, kuti wofuna kusunga apeze choyenera. Ngati kaonekedwe ka tsamba lanu kamafuna chithunzi chogona, onjezani mawu akuti data-pin-media m'HTML ya chithunzicho ndi adiresi ya choimirira chija, kuti batani la Save litenge choimiriracho. Pa zithunzi zimene simukufuna kuti zisungidwe, monga chizindikiro cha bizinesi kapena chithunzi cha antchito, ikani data-pin-nopin="true". Mutu wa pa Pinterest umalola zilembo 100, ndipo palinso malo a mawu ofotokoza. Lembani m'chiyankhulo ndi mawu amene ogula anu amagwiritsa ntchito pofufuza, ndipo mawu ofunika akhale koyambirira. Chinanso chachikulu n'chakuti musamasinthe adiresi ya tsamba mwachisawawa. Zithunzi zonse zimene anthu anasunga zimaloza ku adiresi yakale, choncho ngati kusintha n'kosapeweka, ikani 301 redirect yotumiza anthu ku adiresi yatsopano.

Chomaliza: yesani musanalengeze, ndipo dziwani chochita chithunzi chakale chikakakamira

Tsamba likakonzeka, musathamangire kulitumiza m'magulu. Tsegulani Sharing Debugger ya Facebook, muikemo linki, muone chithunzi, mutu ndi machenjezo amene ikupereka. LinkedIn ili ndi chida chofanana chotchedwa Post Inspector. Pa WhatsApp dzitumizireni nokha linkiyo, ndipo mukaiika dikirani kachithunzi katulukire musanadine batani lotumizira, chifukwa foni ya wotumiza ndi imene imakatenga kachithunziko, ndipo mukafulumira uthenga umapita wopanda kanthu. Onani zonsezi pa foni yaing'ono yogwiritsa ntchito bandulo, osati pa kompyuta ya muofesi yokha, ndipo muyesenso tsambalo pa PageSpeed Insights, imene imatchula zithunzi zolemera mopitirira.

Chithunzi chikapanda kutuluka, onani zinthu izi motsatana: ngati adiresi yake ikutseguka mukaiika yokha mu browser, ngati fayilo sinalemere kwambiri, ndiponso ngati fayilo ya robots.txt (imene imauza timapulogalamu malo a pa webusaiti amene sitiloledwa kulowa), pulogalamu ya chitetezo kapena dongosolo loletsa ena kubwereka zithunzi zanu silikutsekereza kapulogalamu ka Facebook kotchedwa facebookexternalhit. Chomaliziracho chimachitika kawirikawiri pa mawebusaiti amene mwini wake anangoyatsa chitetezo chonse chimene anapeza.

Vuto lina ndi la chithunzi chakale chimene chimatulukabe mutasintha. Masamba a mchezo amasunga zimene anawerenga koyamba kwa kanthawi, kuti asamabwerere pa webusaiti yanu nthawi iliyonse. Mu Sharing Debugger dinani Scrape Again kuti Facebook iwerengenso, ndipo kuika linki mu Post Inspector kumachititsa LinkedIn kuchita chimodzimodzi. Musaike chithunzi chatsopano pa dzina la fayilo yakale, chifukwa makinawo akaona adiresi yomweyo amaganiza kuti palibe chasintha. Chipatseni dzina latsopano, musinthe mzere wa og:image, kenako mudine Scrape Again. Mauthenga amene anatumizidwa kale pa WhatsApp adzakhalabe ndi chithunzi chakalecho, ndipo palibe njira yowasinthira.

Pakapita milungu ingapo, onani mu Pinterest Analytics ndi m'chida chowerengera alendo a webusaiti yanu kuti ndi zithunzi ziti zimene zabweretsa anthu, osati zongolandira ma like. Mukafuna kudziwa ngati diresi lovalidwa ndi munthu limakopa kuposa lopachikidwa, kapena ngati chithunzi chokhala ndi mawu chimaposa chopanda mawu, sinthani chinthu chimodzi chokha pa nthawi, zina zonse zikhale momwemo. Miyeso nayo imasintha masambawa akasintha kaonekedwe kawo, choncho kawiri pa chaka werengani masamba a chithandizo a Facebook, Instagram ndi Pinterest, ndipo muyeso ukasintha mudulenso kuchokera m'foda ya zithunzi zoyambirira, kuyambira ndi masamba amene amalandira alendo ambiri.